MBIRI YA KABAIDI NDI MPWEYA WA ASETILINI

Akuluakulu amene anagwira nchito pansi pa migodi nyali za magetsi zisanafike amakumbukira kanyali ka citsulo ka zipinda ziwiri, ca madzi pamwamba ndi ca timiyala totuwa pansi. Madzi akamadontha pa timiyalato pankatuluka mpweya wonunkha ngati adyo, ndipo munthu akauyatsa pakamwa pa nyaliyo unkawala koposa nyali ya parafini. Timiyalato ndiye kabaidi, ndipo mpweyawo dzina lace ndi asetilini. Nyalizo zinacoka kale m'migodi yaikulu, koma mpweyawo ukalipo. Uli m'mabotolo a citsulo amene amaima m'mashopu a pamgodi, m'magalaji a m'tauni, ndi m'nyumba zoyeseramo miyala ya mkuwa. Malamulo onse a kasungidwe kace ali ndi cifukwa, ndipo zifukwazo zimapezeka m'mbiri yace.

Kupezeka kwace

Woyamba kuuona mpweyawu anali Edmund Davy, mphunzitsi wa za mankhwala mumzinda wa Dublin ku Ireland, m'caka ca 1836. Iyeyu anali mbale wa Humphry Davy, uja anakonza nyali yosayatsa moto m'migodi ya malasha. Edmund anali kuyesa kupanga citsulo cofewa cochedwa potaziyamu, ndipo atatha kutentha zosakaniza zace panatsala zinthu zakuda. Atazithira madzi zinatulutsa mpweya umene unayaka ndi lawi lowala kwambiri. Iye anaona kuti mpweyawo ukhoza kuunikira nyumba za anthu ukamapezeka pa mtengo wocepa. Koma njira yotero panalibe, tsono nkhaniyo inaiwalika.

M'caka ca 1860 Marcellin Berthelot wa ku France anaupezanso, naupatsa dzina limene uli nalo lero. M'caka ca 1862 Friedrich Wöhler wa ku Germany anapanga kabaidi pang'ono, naona kuti akakhudzana ndi madzi amatulutsa mpweya womwewo. Komabe zonsezi zinali za anthu ophunzira okha, pakuti kunalibe ng'anjo yotentha kokwanira kupangira kabaidi wambiri.

Zinthu zinasintha mwezi wa May 1892 pa kamudzi ka Spray, ku North Carolina m'dziko la America. Thomas Willson, mbadwa ya ku Canada, anali ndi ng'anjo ya magetsi imene anamangira nchito yopanga aluminiyamu. Nchitoyo itambvuta, anayesa kutulutsa citsulo ca kalisiyamu m'njereza. Anasakaniza njereza ndi phula la malasha, natentha ndi magetsi, ndipo m'ng'anjomo munatuluka cimwala cakuda, colemera. Ataponya cidutswa cace m'madzi, madziwo anacita ngati alikuwira. Mpweya wotulukawo atauyatsa unayaka ndi lawi lacikasu ndi mwaye wambiri. Cikadakhala citsulo cimene ankafunaco, lawi likadakhala losaoneka bwino ndi lopanda mwaye. Francis Venable wa pa University of North Carolina ndiye anayesa cimwalaco nanena kuti ndi kabaidi, ndi kuti mpweyawo ndi asetilini. Caka comweco Henri Moissan anapanganso kabaidi m'ng'anjo yace ya magetsi ku Paris.

Kuyambira pamenepo kabaidi anasanduka malonda. Amapangidwa potentha njereza ndi makala a malasha pa madigiri pafupi 2,000, ndipo kilogalamu imodzi imatulutsa mpweya wokwana pafupi malita 300. Nyali za kabaidi zinafika pa njinga, pa magalimoto oyamba, m'nyumba ndi m'timatauni takutali ndi magetsi. Ca m'ma 1900 zinalowa m'migodi, ndipo anthu a pansi anazikonda cifukwa zinkawala kutali koposa kandulo.

Walira mvula walira matope

Nyali ya kabaidi inali ndi bvuto limodzi lalikulu: lawi lace linali la pamtunda, losachingidwa. M'migodi ya malasha, mmene mumatuluka mpweya woyaka wa m'nthaka, lawi lotere ndi imfa. Pa 24 December 1932 mgodi wa malasha wa ku Moweaqua, ku Illinois, unaphulika ndipo anthu 54 anafa. Ofufuza anati lawi la nyali za kabaidi ndilo linayatsa mpweyawo. Ngozi zotere zinafulumizitsa kubwera kwa nyali ya magetsi ya pacipewa, yokhala ndi batire la m'cuuno.

Bvuto lina linaoneka pamene amalonda anafuna kuupanikiza asetilini m'mabotolo monga amacitira ndi mipweya ina. Mpweya wina woyaka sungaphulike popanda kusakanizika ndi mphepo. Asetilini ndi wosiyana. Akapanikizidwa, kenaka nkutenthedwa kapena kugundidwa, amasweka yekha kukhala mwaye ndi haidrojeni, ndipo posweka amatulutsa kutentha kumene kumaswa wina wapafupi, mpaka botolo lonse kung'ambika. M'caka ca 1896 mabotolo otere anaphulika ku Paris ndi ku Berlin napha anchito, ndipo maboma anayamba kuletsa kusunga asetilini mwa njira imeneyo.

Anthu awiri a ku France, Georges Claude ndi Albert Hess, ndiwo anapeza cothandiza pofika caka ca 1897. Anaona kuti madzi a mankhwala ochedwa asetoni amameza asetilini monga madzi amezera shuga. Lita imodzi ya asetoni imameza malita pafupi 25 a mpweyawo popanda kupanikiza, ndipo ikapanikizidwa imameza woposa pamenepo. Asetilini wosungunuka cotere amakhala wofatsa. Kunatsala kupeza cinthu ca timabowo tambirimbiri codzaza naco botolo, kuti m'kati musakhale malo aakulu opanda kanthu mmene mpweya ungasonkhane.

Munthu amene anataya maso

Gustaf Dalén anabadwa m'caka ca 1869 m'banja la alimi ku Stenstorp, m'dziko la Sweden. Ali mnyamata pamunda anapanga cida coyesera mafuta a mumkaka, ndipo Gustaf de Laval, katswiri wa makina, ataciona anamuuza kuti apite kusukulu. Ataphunzira analowa nchito m'kampani ya asetilini imene inadzadziwika ndi dzina la AGA, ndipo mu 1906 anakhala mkulu wa amisiri ace.

Dziko la Sweden liri ndi gombe lalitali la miyala ndi zisumbu zosawerengeka, ndipo zombo zimafuna nyali zozisonyeza njira usiku. Kusunga munthu pa nyali iri yonse kunali kodula, ndipo malo ena munthu sakanatha kukhalako. Dalén anakonza zinthu zitatu. Coyamba cinali cosakaniza ca timabowo codzaza m'botolo, cimene cinacititsa kuti mabotolo azinyamulidwa popanda mantha. Caciwiri cinali cida cophethiritsa nyali, kuti iziwala kamphindi nkuzima, ndipo mpweya wambiri unapulumuka. Cacitatu, ca m'caka ca 1907, cinali cotsekera coyendera dzuwa. Cinali ndi ndodo yacitsulo yakuda pakati, ndi zina zonyezimira m'mbali. Kukaca, ndodo yakuda inkatentha koposa zinzace, nitalika pang'ono, nitseka mpweya. Kukada inkazirala ndi kutsegulanso. Motero nyali inkatha kugwira nchito miyezi yambiri popanda munthu, ndipo nyali zotere zinaikidwa m'maiko ambiri, ngakhale pa ngalande ya Panama.

Mwezi wa September 1912 Dalén ndi anzace anali panja kuyesa ngati mabotolo angapirire moto. Anawatentha dala kuti aone cimene cingacitike. Botolo lina linaphulika iye ali pafupi. Moyo wace unapulumuka, koma maso onse awiri anaonongeka. Patapita masabata ocepa anapatsidwa mphotho ya Nobel, ndipo popeza sanathe kupita, mkulu wace Albin, amene anali dotolo wa maso, anakamlandirira. Dalén sanasiye nchito. Pokhala panyumba anazindikira mmene mkazi wace ankabvutikira ndi moto wophikira, ndipo mu 1922 anakonza citofu ca AGA. Anatsogolera kampaniyo ali wakhungu mpaka imfa yace mu 1937.

Moto wodula citsulo

Magetsi atalanda nchito younikira, asetilini anapeza nchito yina. M'caka ca 1895 Henry Le Chatelier anasonyeza kuti asetilini akayaka pamodzi ndi okisijeni lawi lace limapitirira madigiri 3,000, pamene citsulo cimasungunuka pa madigiri pafupi 1,500. Pofika 1903 Edmond Fouché ndi Charles Picard anali atakonza cida coocherera ndi lawi limeneli, kholo la cija amisiri amagwira lero podula njanji ndi polumikiza mapaipi.

M'caka ca 1955 Alan Walsh, wogwira nchito ku Melbourne m'dziko la Australia, analengeza njira yatsopano yoyesera zitsulo. Mwala umaperedwa nusungunulidwa m'asidi, ndipo madziwo amawazidwa m'lawi la asetilini. Kuwala kwa nyali yapadera kumadutsa m'lawimo, ndipo makina amaona kucuruka kwa kuwala kumene kwamezedwa. Pamenepo amadziwa mkuwa kapena kobalti ali m'mwalamo. Ndico cifukwa cace botolo la asetilini limapezeka pa labotale ya mgodi, nyumba ija yoyeseramo miyala.

Malamulo amene mbiriyi inabala

Asetilini alibe mtundu, ndipo amapepuka pang'ono koposa mphepo, kotero akatuluka amasonkhana kudenga kwa cipinda cotseka. Pfungo la adyo lija limacokera ku zonyansa zosakanizikamo. Weniweni alibe pfungo lamphamvu, tsono mphuno yokha siyokwanira. Magawo awiri ndi theka pa 100 a mphepo ya m'cipinda akakhala asetilini, cipindaco cikhoza kuphulika, ndipo ngozi imakhalapobe ngakhale afike magawo 80. Kambaliwali kakang'ono ka pa swichi ya magetsi nkokwanira kuuyatsa. Cifukwa cace m'labotale yabwino mabotolo amaima kunja pamthunzi, pamalo opita mphepo, omangidwa ndi unyolo, ndipo pamwamba pa lawi pamakhala cotulutsira utsi. Pofufuza pamene mpweya ulikutuluka wanchito amapaka thobvu la sopo, osati kuyandikiza macesi.

Botolo limagwira nchito liri coimirira, pakuti likagona asetoni amatsikira kukamwa nalowa m'mapaipi. Limene lafika litagona m'galimoto liyenera kuyamba laima ora lathunthu kapena kuposa. Salimaliza mpaka pansi, cifukwa mpweya ukacepa asetoni amayamba kutuluka nawo. Mpweya wotuluka m'botolo suyenera kupitirira mapaundi 15 pa geji, poopa kusweka kuja kunapha anthu mu 1896. Pa mapaipi amaikapo cochinga moto wobwerera m'mbuyo, ndipo mazinga a zomangira zace amapotera kumanzere kuti munthu asasokoneze ndi za okisijeni. Botolo limene lagwa m'moto kapena latentha lokha salikhudza, saligubuduza. Anthu amacoka kutali, ndipo ozimitsa moto amalithira madzi ali pobisalira, pakuti likhoza kuphulika moto utazima kale. Zimene zinamcitikira Dalén ndizo umboni wace. Kabaidi amasungidwa m'migolo yotseka pamalo ouma, ndipo moto wace amauzima ndi mcenga wouma, cifukwa madzi amangoonjezera mpweya.

Lamulo lotsiriza likhudza makamaka anthu a kumigodi ya mkuwa. Asetilini akakhudzana ndi mkuwa, makamaka ponyowa, amapanga utoto wofiirira umene ukauma umaphulika pongokandidwa kapena kugundidwa. Siliva ndi mekyule zimacita cimodzimodzi. Cifukwa cace mapaipi a asetilini amakhala a citsulo, ndipo zomangira za mkuwa wosakaniza zimaloledwa pokhapo mkuwa usapitirire magawo 65 kapena 70 pa 100, monga mwa malamulo a dziko. Pamalo pamene tizidutswa ta paipi ya mkuwa tiri mbwee, mmisiri wofulumira angayesedwe kulumikiza paipi ya mphira yoduka ndi kamodzi ka ito. Kangagwire bwino miyezi ingapo, utoto uja ukukula m'kati mosaoneka, mpaka tsiku limene munthu wina, amene sanadziwe kanthu, adzakagogoda ndi sipanala. Akale anati safunsa anadya phula. Wacilendo pa nchito imeneyi ayenera kufunsa kapitao wace asanagwire botolo, ndipo kapitao ayenera kumuuza lamulo pamodzi ndi cifukwa cace.