Kutsimikiza Malaisensi a Makompyuta Ambiri m'Bungwe: Zofunika Kudziwa m'Boma la Chongwe

Bungwe limene liri ndi makompyuta ambiri siligula mapulogalamu monga Windows ndi Office imodzi-imodzi m'sitolo. Limapangana ndi kampani ya Microsoft, kupyolera mwa ogulitsa ovomerezedwa, ndi kulipira laisensi ya gulu. Komabe kulipira kokha sikukwanira, pakuti kompyuta iriyonse iyenera kusonyeza kuti pulogalamu imene iri m'kati mwake ndi yololedwa. Nchito imeneyi ndiyo imachedwa kutsimikiza laisensi.

Nkhaniyi ikhudza boma la Chongwe, lomwe liri m'cigawo ca Lusaka, pafupifupi makilomita 45 kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka. M'bomali muli yunivesite ya Chalimbana, sukulu yophunzitsa anchito a makhonsolo ya Chalimbana Local Government Training Institute, khonsolo, cipatala ca boma ndiponso bwalo la ndege la Kenneth Kaunda. Mulinso masukulu ndi zipatala zing'ono-zing'ono za kumidzi. Makompyuta akhala akufunika kwambiri m'masukulu kuyambira mu 2015, pamene ana a Giredi 9 analemba koyamba mayeso a phunziro la makompyuta.

Ciyambi cake

Kutsimikiza laisensi kunafalikira pa dziko lonse mu 2001 ndi Office XP ndi Windows XP. Pa nthawiyo mabungwe akulu-akulu anali kupatsidwa kiyi ya zilembo ndi manambala 25 imene siinali kufuna kutsimikiza. Makiyi otere anabedwa ndi kufalitsidwa pa intaneti. Motero pamene Windows Vista inatuluka kumapeto kwa 2006, kampaniyi inalamula kuti makompyuta a mabungwe nawonso azitsimikizidwa.

Njira zimene zilipo

Njira yoyamba ndi Key Management Service, mwacidule KMS. Bungwe limasankha kompyuta imodzi kukhala seva, ndipo ndiyo yokha imene imatsimikizidwa ndi Microsoft. Makompyuta ena onse amalandira cilolezo kucokera kwa sevayo kudzera pa netiweki ya bungwe. Cilolezoci cimakhala masiku 180, ndipo kompyuta imayesa kucikonzanso masiku 7 alionse popanda mwini wake kucitapo kanthu. Koma seva siyamba kupereka cilolezo ca Windows kufikira makompyuta 25 atalankhula nayo. Pa Office, makompyuta 5 ndi okwanira.

Njira yaciwiri ndi Multiple Activation Key, mwacidule MAK. Iyi ndi kiyi imodzi yololedwa kutsimikiza makompyuta a ciwerengero cimene cinaikidwa. Kompyuta imatsimikizidwa kamodzi ndi Microsoft, ndipo siifunanso seva ya bungwe. Kuipa kwake n'kwakuti ciwerengeroco cimatha. Kompyuta ikafufutidwa zonse ndi kuikidwanso pulogalamu, kawiri-kawiri imadya mwayi wina pa kiyiyo.

Njira yacitatu inadza mu 2012 ndi Windows 8. Makompyuta olembedwa m'kaundula wa bungwe wochedwa Active Directory amatsimikizidwa akangolowa m'kaundulamo. Pano palibe lamulo la makompyuta 25, koma malire a masiku 180 alipo ndithu.

Masiku ano mabungwe ambiri amalipiranso Microsoft 365 pa mwezi kapena pa caka, ndipo laisensi imatsata dzina la wanchito. Kompyuta yotere iyenera kulowa pa intaneti kamodzi m'masiku 30. Ikalephera, munthu angathe kuwerenga ndi kusindikiza makalata, koma sangathe kulemba kapena kusintha kanthu.

Kusankha molingana ndi malo

Cinthu cacikulu posankha njira ndi malo amene kompyuta idzakhala. KMS iyenera malo monga yunivesite, kumene makompyuta ambiri ali pa netiweki imodzi. Kuzima kwa magetsi, monga kunacitikira pa cilala ca 2024, sikuononga cilolezo, cifukwa seva ingakhale yozima masiku angapo pamene makompyuta akali m'kati mwa masiku 180.

Bvuto limadza pamene kompyuta yakonzedwera ku likulu ku Lusaka ndi kutumizidwa ku sukulu kapena cipatala ca kumudzi kumene netiweki ya bungwe siifika. Imagwira nchito bwino miyezi 6, pambuyo pake iyamba kuonetsa uthenga wakuti Windows siinatsimikizidwe. Ambiri amayesa kuti yaonongeka kapena kuti pulogalamu ndi yakuba, pamene cosowa ndi seva cabe. Laputopu ya mphunzitsi kapena mlangizi wa zaulimi amene amakhalitsa kumidzi ingagwe m'bvuto lomweli. Makompyuta otere amayenera MAK. Cimodzi-modzinso sukulu imene iri ndi makompyuta 20 okha, popeza siingafike pa ciwerengero cimene KMS imafuna.

Cenjezo

Pa intaneti pali timapulogalamu taulere timene timanamizira kukhala seva ya KMS. Kutigwiritsa nchito ndi kuphwanya pangano la laisensi, ndipo lamulo la Copyright and Performance Rights Act la 1994 limateteza mapulogalamu a kompyuta muno m'Zambia. Kuonjezera apo, tambiri mwa timapulogalamuti timabisa mavairasi amene angabe mbiri ya odwala, zotsatira za mayeso kapena kaundula wa misonkho ya khonsolo.

Kutsimikiza laisensi sikutanthauzanso kuti kompyuta ndi yotetezedwa. Microsoft inaleka kuthandiza Windows 10, Office 2016 ndi Office 2019 pa 14 Okutobala 2025, cinkana laisensi yake ikhale yoona.

Mkulu wa sukulu kapena ofesi amene alandira makompyuta, kaya ogulidwa kapena amphatso, afunse njira imene anatsimikizidwira, ndiponso amene asunga kiyi. Kulemba mau akuti slmgr /xpr pa kompyuta kumasonyeza ngati cilolezo ca Windows ndi camuyaya kapena ciri ndi tsiku lothera. Kiyi ya bungwe isapatsidwe kwa anthu akunja, pakuti ikafalikira Microsoft ingathe kuitseka.