Arduino

Arduino ndi kabolodi kakang'ono ka zamagetsi komwe munthu amakalamula kudzera pa kompyuta kuti kayatse nyali, kayendetse mota kapena kayeze kutentha. Amakagwiritsa ntchito kwambiri ndi ophunzira komanso anthu okonda kudzipangira okha zipangizo zamagetsi kunyumba.

Mbiri

Arduino inayamba mu 2005 pasukulu ya Interaction Design Institute Ivrea, m'tauni ya Ivrea ku Italy. Ophunzira apasukuluyi sanali mainjiniya, ndipo bolodi yomwe ankaphunzirira, yotchedwa BASIC Stamp, inali yodula. Massimo Banzi, David Cuartielles, Tom Igoe, Gianluca Martino ndi David Mellis anakonza bolodi yotchipa yoti ngakhale munthu wongoyamba kumene athe kuigwiritsa ntchito. Dzinali linachokera ku bala ina ya ku Ivrea komwe ena mwa iwo ankakonda kukumana.

Ntchitoyi inamangidwa pa Wiring, pulogalamu yomwe Hernando Barragán wa ku Colombia anakonza ali wophunzira pasukulu yomweyo, Banzi ali mmodzi mwa omuyang'anira. Barragán sanaitanidwe kulowa m'gulu la Arduino, ndipo mu 2016 analemba yekha mbali yake ya nkhaniyi.

Mmene imagwirira ntchito

Mtundu wodziwika kwambiri ndi Arduino Uno, womwe unatuluka mu 2010. Uli ndi chip ya ATmega328P, mapini 14 a digital ndi 6 a analog, ndipo umayendera mavoti 5. Munthu amalemba malangizo pa kompyuta, n'kuwatumiza ku bolodiyo kudzera pa waya wa USB.

Ambiri amayamba ndi kuphethiritsa kanyali ka LED kolumikizidwa ku pini 13. Poyeserera safunika kuwotcherera mawaya, amangowasomeka pa breadboard. Ongoyamba kumene amalakwitsa kawirikawiri pa zinthu ziwiri. LED imafuna resistor, mwachitsanzo ya ma ohm 220, apo ayi imatha kupsa. Chachiwiri, pini imodzi siyenera kutulutsa mphamvu yoposa 20 mA nthawi yaitali, choncho mota ikalumikizidwa mwachindunji imatha kuwononga chip. Pamafunika transistor pakati.

Mapulani a bolodiyi ndi otseguka kwa aliyense, n'chifukwa chake makampani ambiri, makamaka a ku China, amapanga mabolodi ofanana nayo pamtengo wotsika. Zimenezi n'zololedwa, bola asawalembe dzina la Arduino.