Mpira wa gofu: ndi uti womwe umaloledwa pa mpikisano?

Mzinda wa Toronto uli ndi mabwalo ake asanu a gofu: Don Valley, Humber Valley, Tam O'Shanter, Scarlett Woods ndi Dentonia Park. Chipale chikasungunuka, ana athu ambiri amayambira kumeneko. Makolofe timathamangira mipira yotchipa, yotoledwa m'madamu kapena yogulitsidwa m'zidebe, ndipo poyeserera palibe vuto. Nkhani imasintha mwana akalembetsa mpikisano, chifukwa kumenya mpira wosavomerezeka, ngakhale kamodzi kokha, chilango chake ndi kuchotsedwa.

Malamulo a mpirawu amakhazikitsidwa ndi mabungwe awiri, R&A ya ku St Andrews ku Scotland ndi USGA ya ku America, ndipo Golf Canada imatsatira omwewo. Mpira usalemere kuposa magalamu 45.93. Kukula kwake, poyeza kudutsa pakati, kusachepere mamilimita 42.67. Taonani kuti mpira wopepuka kapena wokulirapo saukana. Amene amaletsedwa ndi wolemera ndi waung'ono, poti ndiwo umaboola mphepo n'kupita patali. Palinso malire a liwiro ndi mtunda: poyesedwa ndi makina, usapitirire mayadi 320. Uyeneranso kuuluka mofanana mbali iliyonse imene waumenyera. N'chifukwa chake mipira ya Polara, imene timaenje take tidakonzedwa kuti iziwongoka yokha m'malere, siloledwa pa mpikisano.

Agogo amene adasewerako kale ku Limbe Country Club kapena ku Zomba Gymkhana Club akhoza kukhala atasunga mipira yaing'ono ya Angerezi, ya mainchi 1.62. Imeneyo R&A idailetseratu mu 1990. Ndi yokongoletsera pa shelefu basi.

Mwezi uliwonse mabungwe awiriwa amatulutsa pa intaneti mndandanda wotchedwa List of Conforming Golf Balls. Okonza mpikisano akhoza kulamula kuti mpira uliwonse ukhale wopezeka pamndandandawo, ndipo apa ndi pomwe mipira yathu yotchipa imagwira. Yolembedwa X-out, yomwe fakitale idaipeza ndi kachilema ka utoto n'kufufuta dzina, komanso yopentedwanso imene amati refurbished, imaloledwa pa masewero wamba koma osati pamene lamulo la mndandandali likugwira ntchito. Mpira wotola chabe, wosapentedwanso, ulibe mlandu ngati mtundu wake udakali pamndandanda. Mipikisano ina imafunanso kuti wosewera amalize ndi mtundu wa mpira umene wayambira. Zonsezi zimalembedwa pa pepala la malamulo a mpikisanowo, pepala limene ambirife timangolipinda n'kuliika m'thumba.

Lamulo lina limatikhudza kwambiri kuno kozizira. Mu Epulo kapena Okutobala mpira wozizira supita patali, ndiye ena amauika pamodzi ndi timapaketi tofunditsa manja. Kutenthetsa mpira mwadala chotero n'koletsedwa, ndipo chilango chake ndi kuchotsedwa komweko. Mpira ukang'aluka kapena kudulika pakati pa kusewera dzenje, mwana akhoza kuusintha. Ukangokalika, apitirize nawo mpaka amalize dzenjelo.

Mu Disembala 2023 R&A ndi USGA zidalengeza kuti mipira izidzayesedwa ndi makina omenya pa liwiro la mamailosi 125 pa ola m'malo mwa 120, kuti akatswiri asamaimenyere kutali mopitirira. Zidanena kuti osewera wamba apitiriza ndi mipira ya lero mpaka 2030, choncho chidebe chili m'galaja chija sichofunika kutaya.

Chimene chimagwetsa ana ambiri si kulemera kapena kukula kwa mpira, koma kumenya mpira wa mnzawo. Pa mpikisano wowerengera kuchuluka kwa kumenya, amamuwonjezera kumenya kuwiri, ndipo ayenera kubwerera kukasewera mpira wake. Mipira ya Titleist ya nambala 1 imakhala mbwee pabwalo limodzi, choncho timawapatsa ana cholembera chosafufutika kuti ajambule kadontho kapena chilembo cha dzina lawo asanayambe.