Ola Lobwera Kawiri

Okonda mpira wa ku England amachidziwa ichi ngakhale ambiri sadafunsepo chifukwa chake. Masewero a 3 koloko Loweruka ku London amatipeza kuno 4 koloko mu Ogasiti, koma pofika Disembala ayamba 5 koloko. Wotchi yathu sidasunthe ayi. Ife timakhala maola awiri patsogolo pa nthawi ya Greenwich chaka chonse. Osuntha ndi anzathuwo. Lamulungu lomaliza la Marichi, ikangokwana 1 koloko usiku, amalumphira pa 2 koloko. Lamulungu lomaliza la Okutobala, 2 koloko imabwereranso pa 1 koloko.

Kwa woonera mpira ndi kankhani chabe. Koma taganizirani munthu amene ntchito yake ndi kulemba mapulogalamu a kompyuta a m'chipatala kapena m'banki. Usiku wa Okutobalawo 1:30 imabwera kawiri. Namwino akalemba kuti wodwala wabayidwa jakisoni 1:30, kodi ndi 1:30 iti, yoyamba kapena yachiwiri? Mu Marichi 1:30 kulibeko n'komwe, ndiye ntchito imene kompyuta idauzidwa kuti izigwira nthawi imeneyo usiku uliwonse itha osagwirika. Kompyuta simva zoti "inunso mukudziwa chimene ndikutanthauza".

Ine ndimati vuto lagona poti nthawi ya pa wotchi ndi lamulo la anthu, ndipo anthu amasintha maganizo. Kale ku Britain tauni iliyonse inkayendera dzuwa lake. Bristol inali mphindi 10 pambuyo pa London, ndipo palibe ankadandaula, poti wokwera hatchi sawerenga mphindi. Idadzasokoneza zinthu ndi sitima yapamtunda. Mu 1840 kampani ya Great Western Railway idalamula kuti masiteshoni ake aziyendera nthawi ya London. Anthu a ku Bristol adauma mutu, mpaka wotchi ya pa nyumba ya malonda ya mumzindamo idapatsidwa mivi iwiri ya mphindi, wina wa kwawo, wina wa London. Lamulo la dziko lidadza mochedwa, mu 1880. Ku America makampani a njanji adangogwirizana okha, nagawa dziko m'zigawo za nthawi pa 18 Novembala 1883. M'mizinda ina tsiku limenelo 12 koloko masana idakwana kawiri.

Mu 1884 nthumwi za mayiko 25 zidakumana ku Washington n'kusankha Greenwich kukhala poyambira kuwerenga. France sidaponye voti. Idadzagonja mu 1911, koma pokana kutchula dzina la Angerezi lamulo lake lidati nthawi ya dziko ndi "ya Paris yochedwetsedwa" ndi mphindi 9 ndi masekondi 21. Ndale zidalowa m'wotchi kuyambira pachiyambi pomwe, abale.

Tsono zosuntha wotchi m'chilimwe zidachokera kuti? Ambiri amanamizira alimi, chonsecho ng'ombe siona wotchi. Mu 1895 George Hudson wa ku New Zealand, amene ankakonda kutola tizilombo akaweruka, adapempha kuti kuwala kwa madzulo kutalike. Ku Britain mmisiri womanga nyumba William Willett adasindikiza kabuku mu 1907 kodandaula kuti anthu akugona dzuwa litatuluka kale. Adamwalira mu 1915 aphungu asanamumvere. Idamumvera ndi nkhondo: Germany idasuntha mawotchi pa 30 Epulo 1916 pofuna kupulumutsa malasha, Britain n'kutsatira patangopita milungu itatu. Kwa ife a kufupi ndi pakati pa dziko lapansi, kumene usana ndi usiku sizisiyana kwambiri, nzeru imeneyi ilibe phindu. Timangosintha wotchi tikaoloka Songwe kulowa m'Tanzania, basi.

Makompyuta atayamba kulankhulana kudutsa malire, padafunika wina wosonkhanitsa chipwirikiti chonsechi. M'zaka za m'ma 1980 Arthur David Olson wa ku America adayamba kaundula wotchedwa tz database, ndipo pambuyo pake Paul Eggert ndiye adatenga chiwongolero. M'kaundulamu muli mbiri ya wotchi ya dera lililonse: India ndi theka lake la ola, Nepal ndi mphindi zake 45, China yaikulu ija ndi nthawi yake imodzi. Ife timapezekamo pa dzina la Africa/Blantyre, koma ukalitsata umafikira pa Maputo, poti madera amene mawotchi awo sadasiyanepo kuyambira 1970 amawaphatikiza. Foni yanu ikangodzisintha yokha mutatera ku Nairobi, thokozani anthu ongodzipereka amenewa. Chondidabwitsa ine n'chakuti mu 2011 kaundula wodaliridwa ndi dziko lonseyu adayamba watsekedwa, kampani ina ya mapulogalamu oombeza ndi nyenyezi itasumira Olson ndi Eggert kuti adakopera m'mabuku ake. Mlandu udathera panjira, ndipo bungwe la IANA lidatenga udindo wosunga kaundulayo.

Olemba mapulogalamu ali ndi mankhwala awo: sunga chilichonse mu UTC, nthawi yosasuntha ija, uzitembenuza pokhapo ukuonetsa munthu. Pa zinthu zakale mankhwalawa amagwira. Pa zam'tsogolo ndiye pali mbuna. Ukasunga msonkhano wa 9 koloko mwezi wamawa mu UTC, boma n'kusintha lamulo mawa, msonkhano uja wasuntha wokha. Ndipotu maboma amasinthadi, kawirikawiri osapereka mpata. Samoa idalumpha tsiku lathunthu mu 2011: anthu adagona pa 29 Disembala nadzuka pa 31, kuti kalendala yawo ifanane ndi ya Australia ndi New Zealand kumene amachita nako malonda. Egypt idaletsa kusuntha wotchi mu Julayi 2016 kutangotsala masiku owerengeka, n'kudzayambiranso mu 2023.

Koma imene idandisiya kukamwa kuli yasa ndi ya Lebanon. Pa 23 Marichi 2023, kutatsala masiku awiri, boma la Najib Mikati lidalengeza kuti mawotchi asasunthe mpaka chakumapeto kwa Epulo, kuti osala Ramadan azimasula msanga. Mpingo wa Maronite udakana, masukulu ena ndi nyumba zina za wailesi yakanema n'kukananso. Mzinda umodzi wa Beirut udakhala ndi nthawi ziwiri, woitanidwa kwa dokotala n'kumafunsa kuti, 10 koloko ya ndani? Osunga kaundula adathamanga natulutsa kusintha kotchedwa 2023b. Pa 27 Marichi nduna zidabweza ganizo lija, mawa lake iwo n'kutulutsanso 2023c yofafaniza zimene adalemba masiku asanu apitawo.