Dokotala Følling ndi mkodzo wobiriwira

1. Mayi wosatopa

Mu 1934, mumzinda wa Oslo ku Norway, munali mayi wina wa ana awiri, mtsikana ndi mnyamata. Onse anabadwa bwinobwino, koma pokula nzeru zawo sizinkakhwima. Wamng'onoyo anafika zaka 4 asakulankhula kapena kuyenda. Mayiyo ankamvanso fungo lachilendo, la chuku, mumkodzo wa anawo. Anazungulira kwa madokotala ambiri koma osaphula kanthu, mpaka anafika kwa Asbjørn Følling.

2. Følling anali ndani?

Anabadwa mu 1888 ndipo anakulira pafamu. Anayamba waphunzira kemisitiri, kenako n'kuphunzira udokotala. Maphunziro awiriwa ndi amene anamuthandiza kuona zomwe anzake sanaone.

3. Mkodzo usintha mtundu

Følling anadonthezera mumkodzo wa anawo mankhwala oyezera otchedwa ferric chloride. Mkodzowo unasanduka wobiriwira kwambiri, ndipo patapita kanthawi mtunduwo unazimiririka. Zoterezi anali asanazionepo.

Sanapupulume. Anaganiza kuti mwina ndi mankhwala amene anawo ankamwa, choncho anapempha mayiyo kuti awasiyitse kaye. Mkodzo unabiriwirabe. Kwa milungu ingapo mayiyo ankabweretsa mkodzo, mpaka unakwana pafupifupi malita 20. Mabuku amatama dokotalayo, ndipo n'zoyenera, koma ntchito yotunga malita onsewo kwa ana odwala sinali yamasewera. Mumkodzomo Følling anapezamo chinthu chotchedwa phenylpyruvic acid, chomwe sichipezeka chochuluka choncho mwa munthu wabwinobwino.

Kenako anayeza anthu 430 m'nyumba zosamalira anthu a vuto la ubongo. Anapeza ena 8 a mkodzo womwewo, ndipo analemba zonsezi chaka chomwecho. Lero matendawa amatchedwa phenylketonuria, mwachidule PKU. Ku Norway amangoti matenda a Følling.

4. Chimalakwika n'chiyani m'thupi?

Nyama, nsomba, mazira, mkaka, nyemba ndi mtedza ndi zakudya zomanga thupi. Zikagayika m'mimba zimagawika kukhala tizigawo totchedwa ma amino acid. Kamodzi mwa tizigawoti ndi phenylalanine. Chiwindi chimasandutsa phenylalanine amene thupi silinagwiritse ntchito kukhala chinthu china chothandiza thupi. Chiwindi cha mwana wa PKU chimalephera ntchito imeneyi, motero phenylalanine amadzadza m'magazi n'kuwononga ubongo umene ukukula. George Jervis wa ku America ndi amene anatsimikiza za chiwindichi mu 1953.

Matendawa si opatsirana, ndiponso si kulodzedwa. Mwana amatengera kwa bambo ndi mayi omwe, ngakhale iwo eni ali athanzi. Makolo onse awiri akakhala ndi chibadwa chimenechi, pa mimba iliyonse mpata woti mwana abadwe ndi PKU ndi umodzi mwa inayi. Kuloza chala mayi yekha n'kumulakwira.

5. Mankhwala ake ndi chakudya

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, ku Birmingham ku England, Horst Bickel, Evelyn Hickmans ndi John Gerrard anakonzera kamtsikana kena chakudya chochotsedwa phenylalanine wambiri. Kanayamba kusintha. Koma madokotala anaona kuti ubongo ukawonongeka kale subwerera mwakale. Chakudyacho chiyenera kuyamba mwana ali wakhanda, asanaonetse vuto lililonse.

6. Dontho la magazi

Nanga madokotala angadziwe bwanji kuti khanda looneka lathanzi lili ndi PKU? Yankho linachokera kwa Robert Guthrie wa ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Namwino amabaya pang'ono chidendene cha khanda la masiku ochepa, n'kudonthezera magazi papepala lapadera. Akauma, pepalalo amalitumiza kukayezedwa. Følling anamwalira mu 1973 njirayi itafalikira kale m'mayiko ambiri.

Ku Ulaya, mwana mmodzi pa ana pafupifupi 10,000 amabadwa ndi PKU, pomwe pakati pa anthu akuda matendawa ndi osowa kuposa apo. Wopezeka msanga n'kutsatira zakudya zake amapita kusukulu ndi kugwira ntchito ngati wina aliyense. Amayeneranso kupewa aspartame, chotsekemeretsa cha mu zakumwa zina zopanda shuga, chifukwa muli phenylalanine. N'chifukwa chake mabotolo a zakumwazi amakhala ndi chenjezo.