Mpira wa ku Vizara ndi Nkhani ya Matayala

Munthu woyenda pa mseu wochokera ku Chintheche kunka ku Nkhata Bay apyola pakati pa mitengo ya mpira ya ku Vizara, munda umene a Mandala anautsegula kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900. Chimene chinakweza malonda a mpira masiku amenewo ndicho tayala lopopera mpweya.

M'chaka cha 1888 John Boyd Dunlop, sing'anga wa ziweto ku Belfast, analandira patenti ya tayala lotere. Patenti ndiyo kalata ya boma yoletsa ena kupanga kapena kugulitsa chinthu chatsopano popanda chilolezo cha mwini nzeru, kufikira zitatha zaka zoikika. Koma mu 1890 kunadziwika kuti Robert William Thomson wa ku Scotland anali atalembetsa kale nzeru yomweyo mu 1845. Motero patenti ya Dunlop inatha mphamvu. Thomson anamwalira mu 1873 tayala lake lisanafale, pakuti mpira unali wodula, ndipo njinga zinali zisanachuluke.

Lamulo la patenti silisamala kutchuka kwa munthu. Lifunsa ngati nzeruyo siinalembedwepo kale. Chifukwa chake mphunzitsi azoloweze ana kulemba ndi kujambula zimene apanga, osaiwala tsiku lake.