Phukusi Lidafika pa Positi

M'chaka cha 2007, ndili kalaliki wachinyamata pa ofesi ina ya boma ku Chiradzulu, kompyuta yathu imodzi yokhayo idagwidwa ndi vairasi. Malipoti a mwezi adali kudikira, koma ndalama zogulira mapulogalamu ena padalibe. Chidatiombola ndi kaenvulopu kochokera kunja kamene mnzanga wina adaitanitsa. M'katimo mudali CD ya Ubuntu, ndipo ngakhale sitampa sitidalipire.

Kuti timvetse kumene CD imeneyi idachokera, tibwerere m'mbuyo pang'ono. Mu 1991 Linus Torvalds, wophunzira wa ku Finland, adalemba Linux, mtima woyendetsa kompyuta, nauika poyera kuti aliyense autenge, ausinthe ndi kuugawa. Komatu mtima pawokha si thupi. Ziwalo zina zidali balalabalala m'manja mwa anthu a m'maiko osiyanasiyana. Ndiye mu 1993 Ian Murdock adayambitsa Debian, gulu la anthu odzipereka lomanga ziwalozi m'maphukusi. Paphukusi lililonse amalembapo dzina lake, nambala yake, ndi mndandanda wa maphukusi ena amene ilo limadalira kuti ligwire ntchito. Mu 2004 Mark Shuttleworth wa ku South Africa adatenga maphukusi a Debian napanga Ubuntu, mawu amene kwathu kuno timati umunthu. Kampani yake ya Canonical idayamba kutumiza ma CD mwaulere kulikonse kudzera m'ndondomeko yotchedwa ShipIt.

Kompyuta yathu idadzuka ndithu, malipoti napita. Koma tsiku lina tidafuna pulogalamu imene pa CD padalibe, pamene intaneti pa ofesi kudalibe. Ndidakwera minibasi kupita ku Limbe, ndidalipira pa kafe ya intaneti, n'kubwera nalo phukusilo pa fulashi. Pofuna kuliika, kompyuta idakana kwamtuwagalu, ati pakusowa maphukusi ena awiri. Mndandanda uja ine sindidauwerenge. Paja safunsa adadya phula. Ndidabwerera ku Limbe kachiwiri, kachitatu, ndalama yoyendera ikutuluka m'thumba langa.

Maulendo amenewo adandiphunzitsa chimene mabuku a mbiri ya makompyuta satchula kawirikawiri. Timatama wolemba pulogalamu, koma timaiwala womanga phukusi ndi wolisenza. Chimanga chili m'nkhokwe ku Lilongwe sichithetsa njala kwa Kadewere kapena ku Namitambo pokhapokha wina achithire m'thumba, achisoke, nachinyamule.

ShipIt idatsekedwa mu 2011, ndipo masiku ano maphukusi amatsika pa intaneti, ena pa foni ya m'manja. Komabe amene alibe ndalama ya bandulo akadali pomwe ndidali ine mu 2007. N'chifukwa chake mphunzitsi kapena kalaliki wakumudzi akandipempha pulogalamu, ndimayamba ndawerenga mndandanda wonse, kenako ndimamuikira zonse pa fulashi, kuti ulendo wake ukhale umodzi.